Tiulusi Toyera pa Njere za Katsitsimzukwa

Nasingano ankati m'banja mwake alimo akazi awiri, iye ndi katsitsimzukwa, ndipo mkazi wamkulu ndi katsitsimzukwayo. Ankanena zimenezi pamaso pa amuna ake, pamaso pa alendo, ngakhale pamaso pa makasitomala obwera kudzayesa madiresi. Anthu ankaseka, nayenso ankaseka nawo, koma pansi pa mtima zinkamuwawa ndithu.

Dzina la Nasingano anamupatsa ndi amuna akewo, chifukwa anali telala ndipo timapini sitinkachoka pamilomo pake. Iye anabwezera powatcha a Minga, popeza mikono yawo inkakhala yokalikakalika chaka chonse. Amene anamugwirapo katsitsimzukwa akudziwa. Ndi kachitsamba ka m'tchire ka masamba onga tsitsi, kooneka kofatsa, koma ukangolowetsamo dzanja, minga yake yokhota imakulonjera mpaka m'chigongono.

A Minga anagwira ntchito moyo wawo wonse pa siteshoni yofufuza za mbewu, kunja kwa tauni. Anzawo ankalimbana ndi mbewu zodziwika, ankakwezedwa maudindo, ankapita kumisonkhano atavala mataye. Iwo ayi, anakakamira chomera cha m'tchirechi. Ankati mphukira zake zanthete ndi ndiwo zabwino, kuti sichiopa chilala, kuti munthu wa kamunda kouma atachibzala kamodzi akhoza kumathyola zaka ndi zaka. Vuto linali limodzi lokha: njere zake sizimera. Ubzale zodzaza dzanja, zimera ziwiri kapena zitatu, nazonso mwini wake atataya kale mtima. Tinjere takuda bii, tolimba ngati mikanda. A Minga anativiika m'madzi ofunda, anatikhula ndi sandipepa mpaka zala kuchita matuza, anatithira asidi, anatifukiza ndi utsi. Tinjere tili duu.

Ndiye akabwera kunyumba, nkhani inali yomweyo. Pothira tiyi, njere. Pofuna sokosi, njere. Nasingano anaphunzira kuyankha kuti "Eya, eya, zoona?" maganizo ali pa mpendero wa siketi ya munthu. Zaka zonsezo mawu a amuna ake ankangomudutsa pamwamba. Amene ankamvetsera anali mwana wawo yekhayo, wamkazi, yemwe ali wamng'ono ankakhala pamwendo pa bambo ake n'kumatsuka nawo tizipatso tofiira m'beseni. Koma mwanayo anakula, anakwatiwa, ndipo anapita kukakhala kutali.

Nthawi yopuma ntchito itakwana, a kusiteshoni anawapatsa wotchi ya pakhoma, anawaombera m'manja, ndipo sabata isanathe anagalauza kamunda kawo koyeserera n'kubzalapo zina. A Minga sanadandaule. Anangosamutsira ntchitoyo kukhonde la kuseri, pamene Nasingano ankayanikira nsalu.

"Ndimati mwapuma?" anafunsa Nasingano.

"Wapuma ndi ofesi, mayi. Ine ndikadalipo."

Kuseri kwa tauni kunali kaphiri ka miyala. Pakaphiri pamenepo a Minga anapezapo chitsamba chimodzi chosiyana ndi zinzake zonse. Mphukira zake zinali zonenepa ngati chala, zosawawa, minga yake yochepa. Ankachitcha mayi wa mbewu, ndipo ankati mbewu yoti anthu adzalime idzachokera pamenepo. Kenako kunabwera kampani yophwanya miyala. A Minga atamva kuti magalimoto ayamba kufika, anakwera phirilo ndi mawondo awo okalambawo n'kutola tizipatso tonse tofiira, mpaka tapansi pomwe, kudzaza chipewa. Mwezi usanathe, mbali yonse ya phiri imene panali chitsambacho kunalibe.

Choncho njere za m'chipewa zija zinali zomaliza. A Minga anatapako pang'ono kuyesa njira ina, osamera. Anatapakonso, osamera. Zinatsala zodzaza chikhatho chimodzi basi, ndipo Nasingano ankaona kuti amuna ake ayamba kuziyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mwana wodwala.

Tsiku lina masana, Nasingano ali pakalikiliki kumalizitsa diresi ya mkwatibwi, anatsegula firiji kuti amwe madzi ndipo anapeza kakontena ka majarini kolemera modabwitsa. Atavundukula, mchenga wonyowa.

"Inu! Mchenga m'firiji? Pamodzi ndi mkaka? Mwafika pamenepa?"

A Minga anabwera akuthamanga, maso akuwala ngati kamwana. "Musakhuthule, mayi, muli njere mmenemo. Tamverani, ndaganiza chinthu. Kuphiri kuja, timbande timene ndinkapeza tinkatuluka nthawi imodzi yokha pachaka, kuzizira kukangotha. Ndiye ndikuti mwina njerezi zimafuna ziyambe zagona pozizira, ponyowa, kenako..."

Nasingano anali atabwerera kale pa makina. Anamva ndithu kuti amuna ake akulankhula, anaona milomo ikugwedera ndi manja akulongosola. Koma ukwati unali mawa lake, zipi inali isanalowe, ndipo nkhani ya njere anali ataimva kokwanira moyo wonse. Anaponda makina mwadala, phokoso lake n'kumeza mawu onse. A Minga anaima kanthawi, anamwetulira mwamanyazi, n'kubweza kakontena kaja pansi pa firiji, kuseri kwa botolo la madzi.

Kakontenako kanakhala mmenemo nyengo yonse yozizira. Nasingano akakaona ankangotsonya n'kukankhira kumbali.

Ndiye m'mawa wina, a Minga akuthirira timiphika tawo kukhonde, keni inawapulumuka. Nasingano anamva kulira kwa chitsulo pa simenti n'kukuwa ali m'nyumba kuti, "Mwaphwanyanso chiyani?" Kunali zii. Atatuluka anawapeza atakhala pansi m'madzi, pakamwa patapotokera mbali imodzi, akumuyang'ana ngati akupepesa.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo mawu anapita nayo. Nasingano anathamangira kunyumba kukatenga zofunda ndi ndowa, podziwa kuti azikagona komweko kudwazika matenda. Zakudya za m'firiji anapatsa a neba. Kenako anachita zimene ankachita nthawi zonse akamachoka kwa masiku: anazimitsa chilichonse pakhoma, ayironi, wailesi, firiji yomwe, kuopa moto. Za kakontena kuseri kwa botolo sanazikumbuke n'komwe. Akanazikumbuka bwanji, mwamuna ali pakati pa moyo ndi imfa?

Anakhala m'wodi masabata ambiri. Kuzizira kunatha, kunja kunayamba kutentha moti mafani a padenga ankangozunguza mpweya wotentha womwewo. Nasingano ankawasambitsa amuna ake, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni n'kumapukuta lotsikira pachibwano. A Minga ankangomutsata ndi maso. Nthawi zina ankadzutsa dzanja lamanzere n'kumakoka m'malere ngati akutsegula chitseko, akung'ung'udza.

"Windo? Ndatsegula kale, bambo. Madzi? Mukufuna kutembenuka?"

Iwo ankapukusa mutu mpaka kutopa, kenako n'kutsinzina.

Chimene chinamuswa mtima Nasingano chinali mikono. Tsiku lina akuwapaka mafuta, anaona kuti zokalika zonse zapola. Khungu linali see, ngati la munthu wa mu ofesi. Kuyambira ali pachibwenzi anali asanaionepo mikono imeneyi yopanda kabala kakawisi. Anaigwira, misozi n'kuyamba yokha, mpaka mayi wodwazika pa bedi loyandikana anamufunsa ngati adokotala anena zoipa. Anakana. Akanamuuza bwanji munthu kuti akulirira minga? Pamenepo analumbira chamumtima kuti akatuluka muno, mkazi mnzake uja, katsitsimzukwa, amusamala yekha ndi manja ake, ndipo sadzatsonyanso.

Adokotala atanena kuti wodwala akhoza kukapitirizira kunyumba, mwana wawo anabwera kudzakhala ndi bambo ake m'wodi, ndipo Nasingano anatsogola kukakonza m'nyumba. Anasesa, anakolopa, anasuntha bedi kuti liyandikire windo. Atatsegula firiji, fungo la m'kati linamubweza m'mbuyo. Anatulutsa mashelefu kuti akatsuke, ndipo apo, kuseri kwa botolo, kakontena ka majarini.

Anavundukula pang'onopang'ono, n'kufukula mchenga ndi chala. Mayo ine! Njere zija zinali zitatuluka tinthu toyera mbee, tonga tiulusi, tina tatifupi, tina totalikirapo, topindikira pansi.

"Chuku," ananong'ona. "Zachita chuku. Ndaziwoletsa ndine."

Ndani sadziwa kuti mbewu imasungidwa pouma? Amayi ake ankatero, anthu onse amatero. Mbewu ikanyowa imawola. Ndipo iye anazitsekera m'bokosi lotentha, mumchenga wonyowa, masabata onsewa, njere zomaliza za phiri lomwe kulibenso. Anakhala pansi pakhitchini atagwira kakontenako, thukuta lili kamukamu. Kenako anadzilimbitsa mtima. Anafinya njere imodzi, inali ikadali yolimba. Ndiye kuti zinali zisanawoleretu. Akachita changu azipulumutsa.

Anatengera kakontenako pa tebulo la makina, pamene pamawala bwino. Anavala magalasi, anayala nsalu yoyera, anatenga kasizasi kake kakang'ono kosongoka. Pa ntchito iyi ndiye panalibe womuposa m'tauni monse. Zaka zonse za utelala wake, palibe kasitomala anapezapo kaulusi kakulendewera pa chovala chochoka m'manja mwake. Anatola njere imodzi, anadula kaulusi kake mpaka m'tsinde, anaipukuta, anaiika pambali. Anatolanso ina. Tina tinkathothoka tokha ndi chikhadabo, tina tinkakakamira, ndipo ankadabwa kuti chuku chimenechi n'cholimba bwanji. Sanathamange. Njere iliyonse ankaitembenuza mbali zonse pa kuwala. Ankalankhulanso nazo.

"Iwe mkazi mnzanga, usandichititse manyazi. Amuna athu akubwera mawa."

Msana unauma, khosi linawawa, koma mumtima munali mwa mbee. Kanali koyamba m'banja lonse kuti agwire ntchito ya amuna ake, ndipo anaigwira ndi chikondi chonse chimene anali nacho. Atamaliza anazitsuka, anaziyanika pa thireyi padzuwa la masana mpaka zitauma gwa, n'kuziika m'kabotolo koyera kamene ankasungiramo mabatani. Pakhosi pa kabotoloko anamangapo kariboni kotsala pa diresi ya mkwatibwi uja.

Mawa lake a Minga anafika pa galimoto ya hayala. Dalaivala ndi mwana wawo anawanyamula n'kuwakhazika pa mpando pabalaza. Asanapume n'komwe, anatembenuzira mutu kukhitchini, anadzutsa dzanja lamanzere n'kukoka m'malere. Nasingano anawomba m'manja.

"Aa, kodi m'chipatala muja mumanena firiji! Ine kupusa. Dikirani, bambo, muone zimene wakuchitirani Nasingano wanu."

Anabwera ndi kabotolo kaja atakagwira ndi manja awiri, n'kukaika pamwendo pawo. Njere zinali phuliphuli, zoyera bwino ngati zogula m'sitolo. A Minga anakayang'ana kabotoloko, anayang'ana mkazi wawo, anayang'ananso kukhitchini.

"Musadandaule, zonse zili momwemu," anatero Nasingano. "Zinatsala pang'ono kuwonongeka. Firiji ndinazimitsa pochoka, ndiye ndi kutentha kuja zinayamba chuku. Tiulusi toyera, njere iliyonse kake. Koma ndakhalira tsiku lonse, ndadula tonse, palibe ndi kamodzi komwe katsala. Ndaziyanika, zauma bwinobwino."

Mwana wawo, amene ankavula bambo ake nsapato, anasiya. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Amayi, tiulusito timatulukira pati?"

"Pa njerepo. Malo amodzi, pa kadiso paja."

"Kamodzi pa njere iliyonse?"

"Kamodzikamodzi. Bwanji kodi?"

Mwanayo anagwira pakamwa. A Minga anali akulimbana ndi lilime lawo, mitsempha ya m'khosi itatuluka, malovu akutsika. Kuyambira tsiku la keni lija anali asanatulutse liwu lomveka. Linatuluka tsopano, lolemera, lokokedwa.

"Mi... zu."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mizu, amayi." Mwanayo ankalira. "Sichinali chuku. Inali mizu. Zinagona pozizira, kenako munazimitsa firiji, kunatentha, ndiye zinamera. Njere zija zinamera, amayi."

Nasingano anakhala pansi pomwepo, pa simenti, pafupi ndi nsapato za amuna ake. Anaona kasizasi kaja m'maso mwake, kakutseka, kakutsekanso. Anakumbuka kulimba kwa tiulusi tija, ndi mmene tonse tinapindikira pansi kufunafuna mchenga. Anakumbukanso milomo ya amuna ake ikugwedera tsiku la diresi lija, ndi phazi lake likuponda makina. Anamuuza. Munthuyu anamuuza zonse, ataima pomwepa.

"Tikazibzala?" anafunsa ndi mawu ang'ono. "Tikazinyowetsanso?"

Mwanayo anapukusa mutu. Njere ikamera kamodzi, n'kuidula muzu, n'kuiumitsa padzuwa, ndiye kuti yapita.

Nasingano anadikira kuti amuna ake akwiye. Ankafuna akwiye, aponye kabotoloko kukhoma, amuloze chala ndi dzanja lamoyolo. Koma a Minga anali akulimbananso ndi lilime, maso ali pa iye, akuthwa ngati kale.

"Zi... nga... ti?"

Sanamve msanga. Mwanayo ndiye anamasulira: "Akufunsa kuti zimene zinali ndi mizu zinali zingati."

Nasingano anafuna kunama. Akanati zochepa, mwina mlandu ukanachepa. Koma anaziona yekha, imodziimodzi, pa nsalu yoyera.

"Pafupifupi zonse, bambo. Zopanda kaulusi zinali zowerengeka."

A Minga anatsamira kumbuyo. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera, chifuwa chinayamba kugwedezeka, ndipo panatuluka phokoso limene Nasingano sanadziwe ngati kunali kuseka kapena kulira, popeza misozi inkatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe. Moyo wawo wonse, ziwiri kapena zitatu pa dzanja lodzaza. Lero pafupifupi zonse, m'nyumba mwawo momwe, m'kakontena ka majarini, iwo ali gone m'wodi kuyang'ana fani. Anatambasula dzanja lamanzere, anafufuza mpaka anapeza dzanja la mkazi wawo, lomwe lija linagwira sizasi, n'kuligwira zolimba. Apo ndiye Nasingano analira mokuwa, mpaka a neba anabwera pakhomo poganiza kuti kwagwa zovuta.

Mwana atabwerera kubanja kwake, Nasingano sanamvere zoti njere zapita. Zowerengeka zija, zimene zinalibe muzu, zinali momwemo m'kabotolo, kungoti zinasakanikirana ndi zinzake ndipo sakanatha kuzisiyanitsa. Anazibwezera zonse mumchenga wonyowa, anaziika m'firiji, anadikira, anazitulutsa pofunda. Ankavundukula m'mawa uliwonse. Ulendo uno chinabwera chuku chenicheni, chotuwa, chonunkha, ndipo anaona kusiyana kwake. Anakweranso basi kupita kuphiri kuja, mwina kunatsala kachitsamba. Anapeza dzenje lalikulu, fumbi, ndi mlonda amene anamuuza kuti kuno sikololedwa anthu oyenda pansi.

A Minga sanachire. Mawu ena sanabwererenso, anangotsala ndi awiri omwe aja. M'mawa uliwonse Nasingano akawasambitsa n'kuwakhazika pawindo, ankamugwira mkono.

"Zi... nga... ti?"

Masiku oyamba funsoli linkamulasa ngati singano yolowa m'chikhadabo, ndipo ankaganiza kuti ndicho chilango chake. Koma anadzazindikira kuti amuna ake sakumuzenga mlandu. Ankangofuna kuona. Padziko lonse lapansi, munthu amene anaona njere za mayi wa mbewu zitamera anali mmodzi yekha, ndipo anaziona bwino kuposa mmene wina aliyense akanazionera, chifukwa iliyonse anaitembenuza pa kuwala asanaidule.

Ndiye ankasiya makina, ngakhale kasitomala akudikira, n'kukoka kampando. Ankawauza kuti inali yoyera mbee, yonenepa kutsinde, yosongoka kunsonga. Kuti ina inali yaifupi ngati mutu wa pini, ina yaitali ngati chikhadabo. Kuti ina inali ndi tiubweya tosaoneka bwino, togwira timchenga. Kuti khungu lakuda lija linang'ambika pang'ono pa kadiso, ngati msoko wophwasuka. Kuti yonse inaloza pansi, ngakhale ya njere zogona chagada. A Minga ankamvetsera atatsinzina, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, ndipo akadumpha kanthu ankamufinya mkono kuti abwerere.

Anawauza nkhani imeneyi nyengo yamvula yonse, mpaka kuzizira kunabweranso, thupi lawo likunka licheperachepera pa mpando paja. M'mawa wina anawapeza atafooka kwambiri moti sanathe kuwadzutsa pabedi. Anaitanitsa mwana pa foni, n'kukhala pambali pawo. Milomo yawo inagwedera, koma mawu sanatuluke. Nasingano sanafunse kuti akuti chiyani. Anachotsa timapini pamilomo pake, anawerama mpaka pakhutu pawo, n'kugwira mkono wosalala uja.

"Pafupifupi zonse, bambo," anatero. "Zinamera pafupifupi zonse."